Tsamba Lachinayi

Ndaimika thiraki pa Luwinga, injini ikadali kufuka,
mawawa a Juni akunyambita galasi.
Pachiwongolero ndayala mapepala
amene Yotamu Zgambo ananditumizira pafoni,
ndawasindikiza pa Katoto, tsamba lililonse mtengo wa mandasi awiri.

Akuti kwawoko madalaivala asowa.
Akuti bwera, koma mumzinda waukulu usapondemo:
tikupatsa chigawo chakutali, kumene eni ake akuthawako,
zaka zitatu, bwana mmodzi, adiresi imodzi.
Ukapirira, udzapemphe chilolezo chokhalitsa,
udzaitane mkazi ndi ana.

Ndaseka ndekha m'kabini muno.
Ine ndinachoka ku Euthini nditavala nsapato za matayala
kudzaona magetsi a Mzuzu;
lero ndikwere ndege, ndidumphe nyanja zamchere,
kukafunsira mudzi wina?

Tsamba loyamba likufunsa zaka zanga pamsewu.
Khumi ndi zinayi.
Koma kamzereko n'kakafupi.
Simungalowe Chiweta mmenemo,
matani makumi atatu a malasha akundikankha kumsana,
mabuleki akununkha ngati tsitsi lopserera.
Simungalowe sabata ya pamzere wa Songwe,
kuphika pansi pa thirela,
kuchapa malaya m'chigubu chodula pakati.

Tsamba lachiwiri likufuna mayeso a Chingerezi.
Tayala likaphulika ndimalitukwana m'Chitumbuka,
wapolisi ndimamunyengerera m'Chichewa,
dizilo ndimatsitsa mtengo m'Chiswahili,
koma pa fomu iyi malilime atatuwo ndi ziro.
Usiku Wanangwa, mwana wanga wa Fomu Thu,
amandikhazika pampando, n'kumandibwereza mawu amodzimodzi,
ine amene ndinamugulira dikishonaleyo.

Tsamba lachitatu ndi la ndalama.
Zimene ejenti akufuna ndi malata onse
a nyumba yathu ya ku Mchengautuwa,
imene yaima palintala chaka chachitatu tsopano,
chisoso chikumera m'chipinda chogona.

Tiyezge sanakane, sanavomere.
Anapitiriza kusita yunifolomu ya mwana, nafunsa:
“Nanga bwana wakoyo akadzatopa nawe chaka chachiwiri?
Pepalalo limafa pamodzi ndi ntchito?”
Ndinamufunsa Yotamu. Funso limenelo analidumpha.
Anatumiza chithunzi cha thiraki yokoka mathirela atatu,
msewu wowongoka ngati ulusi wa mmisiri,
wopanda mbuzi, wopanda njinga ya makala,
wopanda mwana wokweza dzanja kuti uyimbe huta.
Wanenepa Yotamu.
Koma amaimba foni tambala asanalire
kungofunsa ngati ku Chibavi kukugwa mvula,
ngati mayi uja wa tchipisi pa depoti akadalipo.
Kwatsala miyezi khumi ndi umodzi, amatero,
ngati munthu wowerenga timizere pakhoma.

Sindikumunyoza.
Pathupi pa mkazi wake pali nsalu yatsopano,
ana ake sabwezedwanso fizi.
Mwezi wanga umatha pa teni,
ndipo msana wayamba kundiuza zaka zanga.
Walira mvula walira matope, ndikudziwa,
koma ndani analima ndi fumbi?

Tsopano tsamba lachinayi.
Likuti: lembani malo amene mumakhala nthawi zonse.
Ndaluma cholembera.
Zaka khumi ndi zinayi sindinagonepo
mausiku asanu ndi awiri otsatizana pabedi limodzi.
Galu wa kwathu amayamba wandiuwa, kenako n'kukumbuka.
Bedi langa lili kuseri kwa mpando uno,
bulangete lonunkha girisi, pilo wa jekete.
Ine, wopempha kukhalitsa m'dziko la eni,
kwathu komwe ndimangodutsa.

Foni yalira. Bwana akuti simenti ya ku Karonga
ifike dzuwa lisanalowe.
Ndapinda mapepala, ndawalowetsa pamwamba pa galasi
pamodzi ndi laisensi ndi chithunzi cha Tiyezge.
Kamzere kaja ndakasiya koyera.
Ndidzalemba pobwera,
ndikatsika Chiweta, ndikakweranso.